Sikolashipu ikalowa m'nyumba mwathu ku Harare

Uthengawo unafika Lachiwiri masana, tili pakhonde ku Mufakose, amayi akusankha nyemba m'lichero. Mwana wamkazi wa mlongo wanga anawerenga pafoni kawiri, milomo ikugwedera koma mawu osatuluka, kenako anandipatsa foniyo n'kunena kuti, "Amalume, tawerengani inuyo, mwina ine maso akundinamiza." Sanamunamize. Bungwe lina lothandiza ophunzira linamusankha: fizi yonse ya ku University of Zimbabwe mpaka adzamalize digiri, malo ogona, laputopu, ndi kandalama ka mwezi ndi mwezi. Mlongo wanga analulutira mpaka aneba anatuluka m'nyumba. Amayi okha ndi amene sanatule lichero. Atamva zonse anafunsa modekha kuti, "Nanga anthu amenewa, osatidziwa n'komwe, akufuna chiyani kwa ife?"

Tsiku limenelo funsoli silinapeze woliyankha chifukwa cha chimwemwe. Koma ndakhala nalo mumtima zaka zitatu tsopano, ndipo ndaona kuti ndi funso la munthu wodziwa dziko. Amayi anabadwira pafamu ya fodya, makolo awo atabwera kuchokera ku Dedza nthawi ya Mthandizi, bungwe limene linkalemba anthu a kwathu ntchito za kuno, ndipo anakula akudziwa kuti chaulere chili ndi mwini wake. Ine monga malume, amene mwambo wathu umandisenzetsa za sukulu ya ana a mlongo wanga, ndinayenera kufufuza kuti ndalamazi zimachokera kuti, zimagwa pa ndani, ndipo zikagwa zimasintha chiyani. Zimene ndinapeza ndi zimene ndikufuna kuuza makolo anzanga a ku Mbare, Highfield, Mabvuku, Dzivarasekwa ndi Epworth, komanso abale amene ali kumudzi ku Malawi, amene amaganiza kuti ife matchona ana athu amangophunzira mosavuta.

Choyamba n'chakuti sikuti kuyambira kale mwana wosauka ankadikira mlendo kuti amulipirire. Dziko lino litalandira ufulu mu 1980, wophunzira wa payunivesite ankalandira thandizo la boma, gawo lina ngati mphatso, lina ngati ngongole. Ana a anthu wamba ambiri anakhala madokotala ndi maloya m'njira imeneyi. Zinayamba kusintha m'zaka za m'ma 1990, ndondomeko ya chuma ya ESAP itabwera ndi mfundo yoti makolo azisenzako mtolo. Pofika pakati pa zaka za m'ma 2000 thandizo lija linali litatha. M'malo mwake munabwera dongosolo la cadetship, loti boma likulipirire iwe udzaligwirire ntchito, koma ndalama zake sizinkafika m'mayunivesite pa nthawi yake. Kenako kunabwera 2008, chaka chimene ndalama inasanduka pepala, kolera ikupha anthu, yunivesite ili yotseka miyezi yambiri. Pofika January 2009 tinagwira m'manja pepala limodzi la ndalama lolembedwa 100 trillion. Makolo amene ankasungira ana ndalama za sukulu kubanki kapena kuinshulansi anadzuka alibe kalikonse. Kuchokera pamenepo tasintha ndalama kangapo, mpaka ZiG imene inabwera mu April 2024, ndipo fizi imakwera monga zikwerera zinthu zonse. Mu September 2022 ophunzira a pa University of Zimbabwe anachita zionetsero fizi itakwezedwa kwambiri nthawi imodzi, ena anamangidwa. Mpata umene boma linasiya ndi umene akufuna kwabwino akuyesa kutseka, ndipo ndi mpata waukulu kuposa manja awo.

Akufuna kwabwinowo si amtundu umodzi, ndipo kuwasiyanitsa kumathandiza kuyankha funso la amayi.

Alipo a kwathu konkuno. Strive Masiyiwa, amene anayambitsa kampani ya mafoni ya Econet, ndi akazi awo a Tsitsi anayamba kulipirira ana amasiye mu 1996, pamene Edzi inkasesa makolo m'makomo athu. Ntchito imeneyo ndi imene lero ikutchedwa Higherlife Foundation, ndipo ili ndi nthambi yotchedwa Joshua Nkomo Scholarship ya ana okhoza kwambiri. Alipo amene anayambira kuno koma ndi ndalama zakunja. CAMFED inayamba mu 1993, mayi wa ku Britain, Ann Cotton, atayamba kulipirira atsikana 32 a kumidzi ya Zimbabwe. Mmodzi mwa atsikana oyamba kuthandizidwa, Angeline Murimirwa, anadzakhala mkulu wa bungwe lonselo, limene lero likugwiranso ntchito ku Malawi, Zambia, Tanzania ndi Ghana. Ndikafuna kusonyeza munthu kuti fizi ya mwana mmodzi imafika patali bwanji, ndimatchula mayi ameneyu. Palinso USAP, imene Rebecca Zeigler Mano anayambitsa muno mu Harare mu 1999. Iyi inazindikira chinthu chimene ambiri sachiona: mayunivesite ena a ku America ali nazo ndalama zolipirira mwana wosauka wanzeru, koma mwanayo alibe ya mayeso olowera, ya pasipoti, ngakhale munthu womuuza kuti khomo lilipo. Ntchito yake inakhala yomuperekeza mpaka pakhomopo.

Ena ndi akuluakulu a kutali. Mastercard Foundation ya ku Canada inatsegula pulogalamu yake ya ophunzira mu 2012, ndipo imatumiza achinyamata a mu Africa ku mayunivesite monga Cape Town, Pretoria, Makerere, Ashesi ku Ghana, McGill ndi Edinburgh. Inalengeza kuti ikufuna kufikira ophunzira 100,000 pofika 2030. Chevening ndi ya boma la Britain, inayamba mu 1983, ndipo ndi ya digiri yachiwiri ya chaka chimodzi. Imafuna munthu amene wagwirapo kale ntchito zaka ziwiri, ndipo ukamaliza uyenera kubwerera kwanu kwa zaka zosachepera ziwiri. Apa boma la Britain silibisa cholinga chake: likufuna abwenzi pakati pa atsogoleri a mawa.

Ndiye pali ziwiri zakale zimene zimandikhudza mwapadera. Cecil Rhodes atamwalira mu 1902 anasiya chuma cholipirira ophunzira ku Oxford, ndipo Zimbabwe ili ndi malo ake pa sikolashipu imeneyo mpaka lero. Mnzake Alfred Beit anamwalira mu 1906, ndipo Beit Trust, imene ili ndi ofesi muno mu Harare, imathandiza maiko atatu okha: Zimbabwe, Zambia ndi Malawi. Ndi yomweyi imene inamanga mlatho wa Birchenough pa mtsinje wa Save mu 1935, ndipo imalipirira ophunzira a digiri yachiwiri ku Britain ndi ku South Africa. Chuma cha anthu awiriwa chinachokera m'migodi ya dayamondi ndi golide, ndi m'dziko lolandidwa kwa eni ake. Agogo athu anabwera wapansi ndi pa malole a Ulere kudzagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a dziko lomwelo, pamalipiro a ufa ndi nyemba. Yunivesite ya ku Mount Pleasant, imene lero ndi University of Zimbabwe, itatsegulidwa m'zaka za m'ma 1950 dzina lake linali University College of Rhodesia and Nyasaland. Dzina la kwathu linali pachipata, koma ambiri mwa anthu athu ankalowa ku Mount Pleasant ngati akhukhi ndi osamalira maluwa. Choncho mdzukulu wa wantchito wa pafamu akalandira sikolashipu ya mtundu umenewu, ine sindiona chifukwa choti aweramitse mutu. Athokoze, inde, pakuti anthu amene akuyendetsa mabungwewa lero akugwira ntchito yabwino, koma adziwenso kuti thukuta la agogo ake lili momwemo.

Mawu akuti sikolashipu amaphimba zinthu zosiyana kwambiri, ndipo makolo ambiri amagwa nazo apa. Ina imalipira fizi yokha. Ina imalipira theka. Ina imalipira zonse mpaka chakudya ndi chipatala. Kwa mwana wa ku Borrowdale, dera la olemera, fizi yokha ndi mphatso yokwana. Kwa mwana wa ku Epworth fizi yokha ikhoza kukhala msampha. Tawerengani nokha: kuchoka ku Mufakose kupita ku Mount Pleasant ndi makombi awiri, kubwerera awirinso, tsiku lililonse. Onjezani cha masana, bandulo ya intaneti yotumizira ntchito za m'kalasi, mapepala osindikiza, sopo, ndi zofunika za mwana wamkazi mwezi ndi mwezi. Malo ogona pasukulu ndi ochepa, ndipo amene asowa amapanikizana m'zipinda za lendi pafupi ndi sukulu, anayi kapena asanu ndi mmodzi m'chipinda chimodzi. Magetsi akazima, amene alibe laputopu yosunga moto amalemba pafoni. Ndinaona ndi maso mnyamata wa mumpingo mwathu, amene anapeza womulipirira fizi yonse, akusiya sukulu m'chaka chachiwiri. Sanalephere mayeso ayi. Inamuthera ya thiransipoti, anayamba kujomba, anayamba kugulitsa ma charger m'tauni kuti apeze yokwerera, mpaka malondawo anameza sukulu. Womulipirira uja mwina mpaka lero amaganiza kuti mwanayo analibe khama.

N'chifukwa chake mabungwe amene akhalitsa pa ntchitoyi anaphunzira kulipira munthu yense, osati mpando wake wokha wa m'kalasi. Kandalama ka mwezi kaja, kamene ena amakaona ngati kongosangalatsa mwana, ndiko kamene kamasunga mtsikana kwa zidyamakanda zimene zimazungulira mayunivesite ndi magalimoto madzulo a Lachisanu. Njala ndi imene imakweza ana athu m'magalimoto amenewo. Tisamanamizane kuti ndi khalidwe loipa lokha.

Tsopano za amene amasankhidwa. Pepala lolengeza limati akufuna wanzeru koma wosauka. Nzeruzo amaziyeza ndi mapointi a A Level: A ndi 5, B ndi 4, kutsika mpaka E amene ndi 1, ndipo pa maphunziro atatu pamwamba penipeni ndi 15. Abale a ku Malawi musasokonezeke, kuno mapointi ambiri ndiye abwino, mosiyana ndi MSCE kumene wa mapointi 6 ndiye katswiri. Koma kuti mwana afike polemba A Level, wina wake anamulipirira Fomu 1 mpaka Fomu 4, analipira mayeso a ZIMSEC phunziro lililonse palokha, kenako anamulipiriranso Fomu 5 ndi 6. Boma lili ndi BEAM, imene inayamba mu 2001 kuthandiza ana ovutika ku pulayimale ndi sekondale, koma masukulu akhala akudandaula kuti ndalama zake zimachedwa. Zotsatira zake n'zakuti wosaukitsitsa amagwa kale mpikisano usanayambe. Amene amafika pa mzere wofunsira sikolashipu ya yunivesite nthawi zambiri ndi mwana amene anali ndi winawake: mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika amene sanagonje, malume, mphunzitsi wachifundo, kapena mpingo.

Ndipo ngakhale wafika pamzerepo, fomu yake ndi phiri. Imafuna intaneti yodalirika, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi, ndi nkhani ya moyo wako yolembedwa m'Chingerezi chosalala. Zakunja zimafunanso pasipoti, imene mtengo wake ndi woposa madola 100, nthawi zina mayeso a Chingerezi, ndi ndalama ya visa. Mwana wa pasukulu yodziwika amakhala ndi mphunzitsi amene anadzazitsapo mafomu otere kambirimbiri. Mwana wa pasukulu ya kukomboni amamva za sikolashipu tsiku lotseka litadutsa. Pamene pali njala ya chidziwitso yotere, akuba nawo sachedwa: mauthenga a pa WhatsApp olonjeza maphunziro aulere ku Canada bola mutumize kaye ndalama pa nambala ya munthu. Sikolashipu yeniyeni sigulitsidwa pafoni ya munthu.

Pali chinthu china m'kasankhidwe kameneka chimene sindinachiyembekezere. Asanamutsimikize mtsikana wathu, anthu awiri a bungwelo anabwera kudzaona pakhomo. Usiku wake amayi anakolopa nyumba yonse, anapita kukabwereka nsalu zoyala pamipando kwa aneba, n'kutulutsa makapu amene amasungira abusa. Mlongo wanga anati, "Amayi, mukatero aziti ndife olemera." Amayi anayankha kuti, "Mlendo salandiridwa ndi umphawi pakhomo." Anakangana mpaka usiku. Mawa lake alendo anawerenga zipinda, anafunsa kuti timadya kangati patsiku, anafunsa za imfa ya bambo wa mwanayo, mtsikanayo akuyankha maso ali pansi. Anali anthu aulemu, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake amayenera kufunsa: opanda kutero ndalama zikanathera kwa ana a mabwana. Koma mtundu wathu unaphunzitsidwa kubisa usiwa, ndipo apa mwana amauzidwa kuti auyale pabwalo kuti athandizidwe. Ana ena amalephera intavyu chifukwa cha ulemu womwewo umene tinawaphunzitsa kunyumba. Amafunsidwa kuti anene zimene anachita zopambana, iwo amangoti zonse ndi chisomo.

Chopinga chachikulu kwa ife Amalawi a kuno sichili m'mutu mwa mwana kapena m'thumba mwa kholo. Chili papepala. Pafupifupi sikolashipu iliyonse imafunsa kuti ndiwe nzika ya dziko liti, ndipo imafuna umboni. Makolo athu ambiri anali ndi chitupa cholembedwa kuti alien, kutanthauza mlendo, ngakhale anabadwira pa Norton kapena pa Shamva ndipo ku Malawi sanapondeko. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu obadwa kwa makolo ochokera kunja anauzidwa kuti akane unzika wa dziko la makolo awo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ambiri sanamve n'komwe, ena analibe mapepala okanira unzika umene sanakhalepo nawo. Inali nthawi yomweyo imene mafamu ankalandidwa kuyambira 2000, antchito a m'mafamu akubalalika, kenako ntchito ya boma ya 2005 yotchedwa Murambatsvina inagwetsa nyumba zambiri m'makomboni, mapepala akutayika pamodzi ndi katundu. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zambiri. Gawo 43 limati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanatuluke, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala muno, ndi nzika mwa kubadwa. Malamulo omwewo anaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka za dziko lino. Koma lamulo silidziyendera lokha kukasintha chitupa. Munthu ayenera kupita yekha ku ofesi ya zitupa, ndi kalata yake ya kubadwa, ndipo ngati mayi alibe kalata, mwana wake zimavuta kuti aipeze, mdzukulunso chimodzimodzi. Mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti la vuto limeneli, lotchula zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia pakati pa amene atsala opanda dziko.

Ife zinatitengera pafupifupi chaka kuti chitupa cha mlongo wanga chisinthidwe, kuti cha mwana wake chituluke bwino. Amayi ali ndi jumbo ya pulasitiki imene amasunga pansi pa matiresi, mmene muli khadi lachikasu la kusikelo, kalata ya ubatizo ya ku CCAP, ndi pepala lakale la pafamu lolembedwa dzina la bambo awo molakwika. Jumbo imeneyo ndi imene inapulumutsa mtsikana wathu. Akanakhala ndi mapointi 15 koma wopanda jumboyo, palibe bungwe likanamuona. Ndikudziwa ana anzeru kuposa iye amene lero akusenza matumba pamsika chifukwa cha pepala limodzi. Ndikamva anthu akuti Amalawi a kuno sakonda sukulu, amangokonda gule, mtima umandiwawa, chifukwa amene akunenawo sanaimepo pamzere m'bandakucha n'kubwezedwa kuti ukabwere ndi mboni imene inamwalira kalekale.

Nanga ikapezeka, imasintha chiyani? Kusintha koyamba kumene ndinaona sikunali kwa ndalama. Kunali kwa tulo. Mlongo wanga anasiya kudzuka pakati pa usiku kuwerengera pa zala. Ndalama imene ikanapita ku fizi ya mkulu inapita kwa mng'ono wake, amene tinali titaganiza kale zomuimitsa pa Fomu 4. Choncho bungwe linalipirira mmodzi, koma ophunzira anakhala awiri. Mtsikanayo nayenso anasintha kayendedwe. Amene sadera nkhawa zothamangitsidwa pakhomo la chipinda cha mayeso chifukwa cha ngongole amawerenga ndi mutu wonse. Anayamba kufunsa mafunso m'kalasi. Anakumana ndi anzake a ku Binga, ku Chipinge, ku Gwanda, ana a anthu osauka ngati iye, ndipo anasiya kuchita manyazi ndi dzina la agogo ake. Tsiku lina anabwera n'kunena kuti pamsonkhano wa ophunzira anadzitchula yekha kuti ndi Mchewa wa ku Mufakose, ndipo wina kumbuyo anayankha kuti, "Muli bwanji achemwali?" Anali mnyamata wa ku Kadoma amene zaka ziwiri zonse ankabisa.

Chimene bungwe linamupatsa chimene ife sitikanatha ngakhale titagulitsa nyumba ndi anthu odziwana nawo. M'chaka chachitatu ophunzira ambiri a kuno amapita ku attachment, kukagwira ntchito pakampani chaka chonse, ndipo malo amenewo kawirikawiri amapezeka kudzera mwa amene ukumudziwa. Mwana wa wogulitsa tomato amadziwa ndani? Amene anamutsegulira khomo ndi mayi wina amene analipiriridwa ndi bungwe lomwelo zaka zapitazo. CAMFED inaona msanga mphamvu imeneyi ndipo mu 1998 inakhazikitsa gulu la atsikana amene anadutsa m'manja mwake. Bungwelo limanena kuti aliyense wa iwo amathandiza ana ena pafupifupi atatu kupita kusukulu ndi ndalama za m'thumba mwake. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye, ndipo apa ndi pamene ndaona mawuwo akuyenda ndi miyendo.

Koma walira mvula walira matope. Mwana wa sikolashipu amasanduka mzati wa banja asanalandire ngakhale digiri. Kandalama ka mwezi kaja kamadziwika tsiku lake lofika. Magetsi atha, mankhwala a agogo a BP atha, kwagwa maliro ku Chitungwiza, ndipo maso onse amatembenukira kwa iye. Ine ndemwe ndinabwerekapo kwa iye mwezi wina ntchito itandivuta, ndipo ndinadzamva pambuyo pake kuti masabata awiri ankadya kamodzi patsiku osatiuza. Chinthu chimenecho chimandipweteka mpaka lero. Tinakhala pansi monga banja n'kugwirizana kuti ndalama imeneyo ndi khasu lake, ndipo khasu la mwana sitigulitsa kuti tigule ndiwo. Pamwamba pa zimenezi pali mantha. Mabungwe ambiri amafuna kuona zotsatira za semesita iliyonse, ndipo ukatsika kwambiri thandizo likhoza kuima. Mwana amene wakhala woyamba m'kalasi moyo wake wonse akalephera phunziro limodzi amaona ngati wagwetsa mtundu wonse. Sauza munthu. Makolo tiphunzire kufunsa kuti "uli bwanji" tisanafunse kuti "wakhoza bwanji".

Amene apita kunja mtolo wawo ndi wina. Kuzizira, kusungulumwa, kusowa nsima ndi chisoso, ndi foni zochokera kunyumba zopempha madola chifukwa akuti ali kwa azungu. Akamaliza amakumana ndi funso lovuta: abwerere kudzatani? Tonse tikukumbuka 2016, pamene achinyamata anavala magauni awo a digiri m'misewu ya Harare kusonyeza kuti ntchito kulibe. Ena amadzudzula masikolashipu akunja kuti amakokolola ana anzeru n'kukawapatsa maiko olemera kale, ndipo mfundoyo ili ndi choonadi. Komabe ife zidzukulu za matchona tilibe pakamwa potukwanira mwana amene watsalira ku Toronto. Agogo athu nawo ankati akupita ku Halale zaka ziwiri zokha, akagule njinga ndi bulangete abwerere. Chimene chimabweza munthu kwawo si siginecha ya pa fomu, koma ntchito imene angadyetse nayo ana.

Chomaliza chimene tiyenera kudziwa n'chakuti ndalama za mlendo zimatsata nyengo ya kwa mlendoyo. Mu January 2025 boma latsopano la America linaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo pofika pakati pa chakacho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Mapulogalamu ambiri mu Africa anaima pakati panjira, a zaumoyo ndi a maphunziro omwe. Mu August chaka chomwecho ofesi ya kazembe wa America muno mu Harare inaimitsa kupereka ma visa wamba, ndipo ana amene anali ndi malo komanso ndalama m'mayunivesite a kumeneko anagwidwa njakata. Palibe mmodzi wa iwo amene analakwa kanthu. Mabungwe amene ali ndi chuma chawochawo chosungidwa, monga Beit Trust kapena Mastercard Foundation, sagwedezeka msanga ndi zisankho za dziko lina, koma nawonso amasankha okha maphunziro ndi maiko amene akufuna. Ndipo ngakhale fizi italipidwa yonse, sikolashipu siingaimike mphunzitsi kutsogolo kwa kalasi. Mu April 2025 aphunzitsi a pa University of Zimbabwe ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro ochepa, ndipo wolipiriridwa ndi wodzilipirira anakhala limodzi panja kudikira. Akufuna kwabwino angathe kunyamula ana mazana kapena zikwi. Yunivesite yamoyo, ngongole za ophunzira zodalirika, ndi kalata ya kubadwa ya mwana aliyense ndi ntchito ya boma, ndipo tisalole kuti chifundo cha alendo chitiiwalitse kufunsa zimenezo kwa amene timawavotera.

Funso la amayi lija linayankhidwa pang'onopang'ono. Chimene bungwelo limafuna kwa mtsikana wathu ndi zotsatira za mayeso, lipoti la mmene akukhalira, ndi maola angapo othandiza anthu a kwawo. Iye anasankha kuphunzitsa masamu. Loweruka lililonse m'mawa amakhala m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4, bolodi lake ndi chitseko chakale chopakidwa utoto wakuda. Mwezi watha, pofuna kudziwa amene adzalembe mayeso chaka chamawa, anawauza kuti aliyense abwere ndi kalata yake ya kubadwa. Mwa ana khumi ndi awiri, anayi anabwera chimanjamanja. Mmodzi wa iwo ndi mtsikana amene amamaliza masamu anzake asanatsegule kope.

Madzulo ake mtsikana wathu anafotokozera agogo ake za mwanayo. Amayi anafunsa dzina la agogo a mwanayo, anafunsa famu imene ankagwira, kenako anati, "Amenewo ndikuwadziwa, tinkatunga madzi pachitsime chimodzi. Mayi wa mwanayo anabadwa ine ndilipo." Lolemba likubwerali tikunyamuka ndi kombi yoyamba kupita ku ofesi ya zitupa, ine, amayi, mwanayo ndi mayi ake. Amayi achapa kale chitenje chawo cha Chigwirizano, ndipo jumbo ija aitulutsa pansi pa matiresi kuti akaonetse chitupa chawo poikira umboni.